Poloti yokhala ndi nyumba za lendi: zoyenera kufufuza pa madzi ndi magetsi musanalipire

Funso

Zikomo akatswiri. Ndapeza poloti ku Area 25 mu Lilongwe. Pali nyumba yaikulu ya zipinda zitatu, ndipo kumbuyo kuli mdadada wa nyumba zinayi. Zonsezi muli anthu a lendi. Mita ya ESCOM ndi imodzi, ya Water Board ndi imodzinso. Mwini wake akuti zonse zili bwinobwino, ndipo akundifulumizitsa kuti ndilipire chifukwa pali enanso amene akuifuna. Ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama? Nanga mabilu ndidzawayendetsa bwanji kuti pasamakhale kukangana?

Mayi wowerenga, Lilongwe

Yankho

Mayi, zoti "pali enanso akuifuna" ndi nyimbo ya wogulitsa aliyense, isakuthamangitseni. Pemphani sabata imodzi yoti mufufuze. Chifukwa chake n'chakuti ngongole ya madzi ndi ya magetsi simakwera lole limodzi ndi katundu wa munthu amene akusamuka. Imatsala pa mita, ndipo mita imatsala pa poloti. Tsiku limene a Water Board adzabwere ndi sipanala sadzafunsa kuti anasamba madziwo ndi ndani. Adzadula, ndipo amene matenanti adzamuimbire foni ndi inuyo.

Yambani ndi mabuku, nyumba muione pambuyo. Pemphani nambala ya akaunti ya madzi, ndipo mupite limodzi ndi wogulitsayo ku ofesi ya Lilongwe Water Board mukatenge sitetimenti ya miyezi 12 yapitayi. Musakhutire ndi chithunzi cha lisiti chimene wakutumizirani pa WhatsApp, pakuti lisiti limangosonyeza zimene munthu walipira tsiku limenelo, silinena zimene zatsala. Pa sitetimentiyo onani dzina, onani ngati nambala ya mita ikufanana ndi imene yalembedwa pa mita yeniyeni kumpanda kuja, kenako yerekezani manambala omaliza amene anawerengedwa ndi amene mita ikusonyeza lero. Pa poloti imene geti limakhala lokiya kapena pali agalu olusa, owerenga mita amalephera kulowa ndipo bilu imangoyerekezedwa. Miyezi ikapita ali kuyerekeza motsika, tsiku lowerenga zenizeni kusiyana konse kumabwera pa bilu imodzi.

Mita ikakhala yolipiriratu musaganize kuti ngongole palibe. Pamene mita zakale zinkasinthidwa, ngongole zotsala zinkalowetsedwa mu akaunti yatsopanoyo, ndipo zimadulidwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse munthu akagula. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani nambala ya mita ya ESCOM, mugule nokha mayunitsi a ndalama zochepa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, muwerenge uthenga kapena lisiti mosamala, ndipo mufunsenso ku ofesi ngati pali ngongole imene ikudulidwa. Lowetsani manambala 20 aja pa mita inu muli pomwepo. Mita ikawakana, funsani ngati inalandira manambala apadera oisinthira, chifukwa mita zolipiriratu za mtundu umenewu padziko lonse zinayenera kusinthidwa pasanafike pa 24 November 2024, ndipo imene sinasinthidwe siilandira mayunitsi atsopano.

Muli ku ESCOM komweko, pemphani mbiri ya kagulidwe ka mayunitsi. Apa m'pamene zinsinsi zimaululika. Mabanja asanu, aliyense ali ndi hotipuleti, simbi ndi firiji, sangathe mwezi ndi mayunitsi 40. Mukaona zotere dziwani kuti pena pake pali nthambo imene yalambalala mita. Yang'anani zomatira za pa mita ndi pa bokosi lake, zimene amisiri amati ma seal, ngati sizinadulidwe kapena kumatidwanso ndi guluu. Njira ina ndi kuzimitsa switchi yaikulu ya pa DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba, n'kuzungulira poloti yonse: babu kapena soketi iliyonse imene ikadali ndi moto ikudya magetsi osadutsa pa njira yake. Mlandu wakuba magetsi umagwera mwini akaunti ndi mwini malo, ndipo pamakhala chindapusa, kulipira magetsi amene akuganiziridwa kuti anabedwa, ndi kudulidwa. Mukapeza zimenezi, wogulitsayo akakonze nkhaniyi ndi ESCOM dzina lisanasinthe.

Tsopano pitani pa mita ya madzi, ndipo apa khalanipo nthawi. Sankhani ola limene madzi akutuluka. Uzani matenanti onse atseke mipopi ndipo asagwiritse ntchito chimbudzi kwa theka la ola. Ngati pali thanki, tsekani vavu yolowetsa madzi m'thankimo. Pa nkhope ya mita pali manambala akuda ndi ofiira. Akudawo amawerenga ma kiyubiki mita, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Ofiirawo amawerenga malita. Mita zambiri zilinso ndi kagudumu kakang'ono konga nyenyezi kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono kwambiri. Jambulani mita, dikirani mphindi 30, jambulaninso. Ngati yayenda malita 5 okha m'mphindi zimenezo, ndiye kuti pa tsiku pakutayika malita 240, pamwezi malita 7,200. Amenewo ndi madzi amene mudzalipire popanda amene wawamwa.

Mita ikamayenda, funani komwe madziwo akupita. Tsekani vavu yolowera m'nyumba yaikulu, muone ngati kagudumu kaja kaima. Kakaima, vuto lili m'nyumbamo. Kakapitiriza, tsekani ya kumdadada. Kakapitirizabe zonse zili zotseka, paipi yaphulika pansi pa nthaka pakati pa mita ndi nyumba, ndipo muyang'ane pamene pali udzu wobiriwira m'chilimwe kapena dothi lonyowa m'mbali mwa khoma. Kumbukirani malire ake: kuchokera mumsewu kufika pa mita ndi udindo wa Water Board, kuchokera pa mita kulowa pa poloti ndi wanu, pamodzi ndi dontho lililonse lotayika.

Nthawi zambiri wakuba madzi amakhala chimbudzi chamadzi. Kalabala kapansi pa kathanki kake kakatha, madzi amatsetsereka mwakachetechete usana ndi usiku, ndipo chimbudzi chimodzi chotere chimatha kutaya malita mazana angapo pa tsiku. Tsegulani chivundikiro cha kathankiko, thiranimo Sobo wofiira theka la kapu, musagujumule, dikirani mphindi 15. Mukaona kufiira kukutsikira m'munsi, kalabalako katha. Ndi kachipangizo kotsika mtengo, koma kosiyidwa chaka chathunthu kamadya ndalama za lendi ya nyumba imodzi ya kumdadada. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya malita pafupifupi 15 mpaka 20 pa tsiku. Thanki ya pamwamba nayo muikwere. Vavu yake yoyandama ikafa, thanki imasefukira pakati pa usiku pamene mphamvu ya madzi yakwera anthu ali m'tulo, ndipo m'mawa mumangopeza ndere pa nsanja ndi matope pansi pake. Nyumba ikakhala yakale yokhala ndi mapaipi achitsulo, tsegulani mpopi wa kubafa ndi wa kukhitchini nthawi imodzi. Madzi akafooka kwambiri kapena akayamba ndi mtundu wa dzimbiri, mapaipiwo atsekeka m'kati ndipo muwerengere ndalama zosinthira onse.

Za magetsi musayese kuziona nokha, ndiponso musatenge mnyamata wa pamsika amene chida chake ndi tesita ya sikuludiraiva yokha. Funani wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, mumuuze kuti mukufuna lipoti lolembedwa, lokhala ndi manambala amene wapeza, osati mawu oti "zili bwino".

Atsegule DB inu mukuona. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo kawirikawiri nthambo za mababu zimakhala zokhuthala 1.5mm² pa breaker (kaswitchi ka mu DB kodzigwera kokha magetsi akachuluka) ya 6A kapena 10A. Za masoketi ndi 2.5mm², pa breaker ya 20A ngati nthambo yangopita mbali imodzi, kapena 30A mpaka 32A ngati yazungulira n'kubwereranso ku DB. Kuka (chitofu cha magetsi) imafuna nthambo yakeyake ya 6mm², ndipo giza (thanki yotenthetsera madzi) imafuna njira yakeyake yokhala ndi switchi yodula nthambo zonse ziwiri. Cholakwika chimene chimapezeka kwambiri m'nyumba za lendi ndi ichi: breaker inkagwaigwa, wina anatopa nayo, anaichotsa n'kuikapo yaikulu. Breaker ntchito yake ndi kuteteza nthambo. Mukaika ya 32A pa nthambo ya 1.5mm², nthamboyo imatentha, pulasitiki wake amasungunuka m'siling'i, breaker ili phee. Moto wambiri umene anthu amangoti "unayamba ndi magetsi" umayamba chonchi. Fungo la pulasitiki wopsa pa DB, kuda kwa mwaye pa soketi, kapena switchi yofunda mukaikhudza, zonsezi zikunena za malo olumikizira amene akhwepa.

Chachiwiri ayeze ndi earth, njira yothawitsira magetsi m'nthaka. Panja pafupi ndi mita kapena DB payenera kukhala ndodo ya kopa yokhomeredwa m'nthaka, yolumikizidwa ndi nthambo yobiriwira ndi yachikasu. M'mapoloti ambiri nthamboyo inadulidwa kalekale ndi khasu la wolima m'maluwa, kapena ndodoyo inabedwa n'kukagulitsidwa. Funsani matenanti funso limodzi: kodi mpopi wa kubafa kapena chitseko cha firiji chimagwira shoko? Akati eya, musazitenge ngati nthabwala. Wamagetsi ayeze ndodoyo ndi chida chake. Chidacho chikasonyeza ma ohm opitirira 200, ndodoyo siyodalirika, makamaka m'chilimwe nthaka ikauma gwa. Payeneranso kukhala earth leakage ya 30mA, kachipangizo kamene kamadula magetsi msanga munthu akagwidwa. Ili ndi batani lolembedwa T. Mukalidina iyenera kugwa nthawi yomweyo. Ikapanda kugwa, yafa kapena inalambalalidwa chifukwa inkavutitsa. Earth leakage yogwaigwa imakhala ikunena kuti pena pake magetsi akuthawa, nthawi zambiri pa elementi (chitsulo chotenthetsa) ya giza kapena ya kuka, kapena pa babu la panja limene mwalowa madzi a mvula. Pomaliza ayeze mphamvu ya pulasitiki wokuta nthambo ndi chida cha 500V, ndipo njira iliyonse isatsike pansi pa 1 megohm.

Akatero akwere m'siling'i ndi tochi. Kumeneko ndi kumene kumaoneka ntchito yeniyeni ya amene anawaya nyumbayo: nthambo zopotokola pamanja n'kukulunga tepi, zopanda kabokosi, zogona pa malata otentha, zina zodyedwa ndi makoswe. Apalenso nsonga ya nthambo imodzi ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka m'kati. Ikaoneka yoyera m'kati, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, nthambo zotchipa zimene zimatentha msanga ndi kuthyokera m'masoketi.

Koma pa poloti ngati yanuyi, malo oyamba kukayikira ndi nthambo yopita kumdadada. Midadada yambiri imamangidwa pambuyo, ndipo magetsi ake amangokokedwa kuchokera pa soketi ya kukhitchini ya nyumba yaikulu, nthambo ya 2.5mm² yodutsa pamwamba pa mpanda kapena yokwiriridwa pansi popanda paipi. Tiyeni tiwerengere. Hotipuleti ya mbale ziwiri imakoka pafupifupi 2,000W, ketulo 2,000W, simbi 1,000W kapena kuposa. Nthawi ya 6 koloko madzulo mabanja anayi akayatsa hotipuleti yokha, ndi 8,000W, kutanthauza pafupifupi 35A pa nthambo imene siyenera kupitirira ma amp makumi awiri ndi pang'ono. Onjezani kuka ndi giza za m'nyumba yaikulu. Mita zambiri za single phase, zimene ndi mita wamba za m'nyumba, zimalembedwa 60A kapena 80A pa nkhope yake, ndipo 60A ndi pafupifupi 13,800W basi. N'chifukwa chake pa mapoloti otere magetsi amagwa nthawi yophika nsima, ndipo wina amakamanga breaker ndi waya kuti isagwenso. Mdadada umafuna nthambo yokhuthala yoyenera kukwiriridwa, ndi DB yaing'ono pa khomo lililonse.

Ngati pali jenereta kapena inveta ya sola, aone ngati pali switchi yosinthira imene imachotseratu nyumba ku ESCOM isanalumikize gwero linalo. Kulowetsa jenereta kudzera pa soketi kumabweza magetsi mu nthambo za mumsewu, ndipo kungaphe wogwira ntchito amene wakwera pa polo akudziwa kuti laini ndi yozima.

Giza muione payokha. Ya malita 150 yokhala ndi elementi ya 3kW imadya mayunitsi pafupifupi 7 kuti itenthetse madzi ozizira kufika pa 60°C, ndipo zimatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Pa mita yogawana, giza imodzi imeneyi ndi imene imadya mayunitsi a anthu a kumdadada amene amasamba madzi a pa mbaula. Onani ngati ili ndi vavu yotulutsa mphamvu ikachuluka, thireyi pansi pake, ndi paipi yotulutsira madzi panja. Banga lachikasu pa siling'i pansi pa giza likutanthauza kuti yayamba kale kudontha.

Za zimbudzi. Mbali yochepa chabe ya mzinda wa Lilongwe ndi imene ili pa mapaipi opita ku malo oyeretsera zonyansa monga a ku Kauma. Ena onse amadalira sepitiki thanki kapena zimbudzi zokumba. Wogulitsa akusonyezeni pamene pali zivundikiro za thankiyo. Akayamba kukanda m'mutu, mwina pamwamba pake anamangapo chipinda kapena anathirapo konkire, ndipo tsiku lopopa mudzaswa pansi pa nyumba ya munthu. Tsegulani chivundikiro, mupatuke kaye mpweya utuluke, ndipo munthu asalowemo kapena kuyatsa machesi pafupi, chifukwa mpweya wa m'menemo umapha ndiponso umayaka. Pisani nsungwi yaitali mpaka pansi n'kuitulutsa pang'onopang'ono. Matope akuda akafika pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake kapena kuposa, nthawi yoitana galimoto yopopa yakwana. Madzi akakhala pamwamba pa paipi yotulukira, vuto si thanki koma sokawe, dzenje la miyala limene madzi amalowerera m'nthaka. Latsekeka, ndipo kupopa kumangokupatsani mpumulo wa masabata ochepa.

Funso lofunika apa ndi lakuti thankiyo inamangidwira anthu angati. Inakumbidwa pamene pa poloti panali banja limodzi la anthu 6. Lero pali anthu 20 kapena kuposa. Onaninso kuti madzi a padenga sakulowa m'thankimo, chifukwa mvula imodzi ya mu January imaidzaza n'kubweza zonyansa m'bafa. Ngati pali chitsime kapena mjigo, pa poloti yanu kapena ya oyandikana nawo, sokawe ndi chimbudzi chokumba zitalikirane nacho ndi mtunda wosachepera mamita 30. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inakula kwambiri m'malo othithikana momwe madzi akumwa ndi zimbudzi zili moyandikana, ndipo mwini nyumba za lendi ali ndi mbali yake pa nkhani imeneyi.

Denga ndi makoma sitichedwapo. Wamagetsi ali m'siling'i muja, mmisiri wa matabwa abaye mitengo ya denga ndi sikuludiraiva: ikalowa ngati mu mkate, chiswe chadya m'kati. Masana, kuwala kolowera m'malata kukusonyezani mabowo. Penti watsopano wopakidwa m'munsi mwa khoma mokha, kutalika kofika m'bondo, amabisa chinyontho chokwera kuchokera pansi. Mng'alu wowongoka wopyapyala ngati tsitsi ndi wa pulasitala, koma wotsata njerwa ngati masitepe, wolowa chala, ndi wa maziko. Ngati mukugula m'chilimwe, funsani oyandikana nawo kumene madzi a mumsewu amathamangira mvula ikagwa. Iwo alibe chifukwa chokunamizani.

Mapepala a malo apatseni loya afufuze ku Lands, ofesi ya boma yoona za malo, koma inuyo funsani zinthu zitatu zimene zimakhudza nkhani yathuyi: ngati mdadada uli pa pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda, ngati misonkho ya kukhonsolo ndi lendi ya malo ya kuboma zilibe ngongole, ndiponso ngati palibe chipinda chimene chamangidwa pansi pa nthambo zikuluzikulu za ESCOM kapena pamwamba pa paipi yaikulu ya madzi. Chomangidwa pamalo otero chikhoza kugwetsedwa.

Zonse zimene mwapeza zisandutseni ndalama. Wamagetsi ndi pulambala akulembereni mtengo wokonzera, ndipo mukhale nawo pansi wogulitsayo: atsitse mtengo, kapena akonze yekha musanamalize kulipira. Mu mgwirizano wogulitsana mulembedwe manambala a mita zonse ziwiri ndi zimene zikusonyeza pa tsiku lopatsana makiyi, ndiponso kuti ngongole zonse za m'mbuyo ndi zake. Ndi nzeru kuti loya asungeko gawo la ndalama mpaka bilu yomaliza ya madzi itatuluka. Pali chinthu china chimene ogula ambiri amaiwala. Matenanti amene mwawapezawo ena analipiriratu lendi ya miyezi itatu, ena anapereka dipoziti. Ndalama zimenezo zili m'thumba la wogulitsa, koma amene adzafunsidwe kubweza ndi inu. Funsani tenanti aliyense payekha, muone malisiti ake, ndipo ndalamazo zichotsedwe pa mtengo. Mukangomaliza, kasintheni dzina ku ESCOM ndi ku Water Board mwezi womwewo.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri. Pa magetsi yankho lenileni ndi limodzi: khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake ya ESCOM yolipiriratu. Zimafuna kuti nyumba iliyonse iwayidwe payokha ndi wamagetsi wovomerezeka, mudzaze mafomu, a ESCOM adzaone n'kukupatsani mtengo, mulipire, kenako mudikire. Kudikirako kumatha kutalika, choncho yambani mwezi woyamba womwewo. Phindu lake ndi lalikulu kuposa kuthetsa mikangano. Pa mita ya pakhomo ya single phase, mayunitsi 50 oyambirira pamwezi amakhala otsika mtengo. Mabanja asanu akakhala pa mita imodzi amagawana mayunitsi 50 amenewo, pomwe aliyense akanakhala ndi akeake.

Podikira, ikani timita tating'ono towerengera pa DB ya khomo lililonse, timene amisiri amati ma check meter. Tiwerengedwe tsiku limodzi lokhazikika pamwezi, pamaso pa tenanti, ndipo aliyense alipire molingana ndi zimene wadya pa mtengo womwewo umene mwagulira. Musaikepo phindu, chifukwa kugulitsa magetsi kumafuna chilolezo. Njira zinazi zonse zimalephera. Kugawa mofanana kumapweteka mbeta imene ili ndi babu limodzi ndi foni. Kuwerenga zipangizo kumaphunzitsa anthu kubisa hotipuleti pansi pa bedi. Kusinthana kugula, lero uyu mawa uyo, kumatha ndi mdima tsiku limene wina wachedwa kulandira malipiro. Kuphatikiza magetsi mu lendi ndiye koipitsitsa, chifukwa munthu amene salipira sazimitsa, ndipo mtengo wa magetsi ukakwera simungakweze lendi tsiku lomwelo. Mababu a panja ndi pampu ya madzi, ngati ilipo, zikhale pa mita yanu kapena ya nyumba yaikulu mogwirizana, ndipo zilembedwe.

Madzi ndi ovutirapo chifukwa kumdadada nthawi zambiri mpopi, bafa ndi chimbudzi n'zogawana. Nyumba yaikulu ipatuleni, ikhale ndi mita yakeyake. Mtengo wa madzi umakwera m'magawo: ma kiyubiki mita oyambirira ndi otsika, otsatira amakwera. Poloti yonse ikakhala pa mita imodzi, mwezi uliwonse mumafika pa gawo lodula. Ngati makomo a kumdadada ali ndi mipopi m'kati, ikani mita yaing'ono pa paipi ya khomo lililonse pamodzi ndi vavu yake. Tiyerekeze kuti mita yaikulu yawerenga 30 pamwezi, ndipo zing'onozing'ono zinayi zikaphatikizidwa zikukwana 26. Zotsala 4 ndi za mpopi wa panja ndi zotayika, ndipo zigawidwe mofanana. Mwezi wina kusiyanako kukadumpha kufika pa 10, musayambe ndi kukalipira anthu, bwererani ku mayeso a mphindi 30 aja. Pamene zonse n'zogawana, gawani powerenga mitu ya anthu, ndipo mugwirizane poyambirira za ana aang'ono, za mlendo wokhala kupitirira sabata ziwiri, ndi za amene amachapa zovala za ganyu kapena kutsuka galimoto. Ndalama za madzi muzitolera inu pamodzi ndi lendi n'kukalipira nokha. Mukasiyira tenanti mmodzi kuti azitolera, mudzadziwa kuti sankapereka tsiku limene madzi adulidwa.

Tenanti watsopano asalandire kiyi musanayende naye m'nyumba muli ndi pepala ndi foni. Lembani manambala a mita, mayunitsi otsala, masoketi ndi maswitchi amene akugwira ntchito, mipopi, magalasi, maloko. Jambulani, nonse musayine, aliyense atenge pepala lake. Mu mgwirizano mulembe momveka kuti mababu, kutsekeka kwa sinki chifukwa cha zotsala za chakudya ndi zimene waswa yekha ndi zake, pomwe nthambo, giza, mapaipi a m'khoma, denga ndi kupopa sepitiki ndi zanu. Mulembenso kuti saloledwa kukhudza mita, kuwonjezera soketi kapena kupatsirako magetsi oyandikana nawo, komanso kuti kudontha kulikonse anene tsiku lomwelo. Pa zoyendera nyumba, lembani kuti mudzabwera kamodzi pa miyezi itatu mutamudziwitsa tsiku limodzi kapena awiri zisanachitike. Munthu akulipira lendi, nyumbayo ndi kwawo, simungangotulukira ali ku ntchito n'kutsegula ndi kiyi wanu. Ulendo wa mu October ukhale wa denga, ngalande ndi sepitiki, mvula isanayambe.

Wina akasiya kulipira, mtima umafuna kukatseka vavu, kuzula breaker kapena kuchotsa chitseko, monga amachitira malandilodi ena. Musatero. Mukhoza kusanduka wolakwa ndinu pa mlandu umene munali wolungama. Mulembereni kalata yomuchenjeza molingana ndi mgwirizano wanu, musunge umboni wa ngongoleyo, ndipo akakanabe nkhaniyo ipite kukhoti.

Potuluka, dipoziti isabwezedwe tsiku lonyamula katundu ngati mita ya madzi ndi yolipira pambuyo, chifukwa bilu ya mwezi womalizawo imabwera iye atapita kale. Werengani mita limodzi, muwerengere zimene wagwiritsa ntchito, mudule, mubweze zotsala m'masiku amene munagwirizana. Nyumba ikatsala yopanda munthu, tsekani vavu yake ya madzi ndipo mugwetse breaker ya giza. Giza yoyaka m'nyumba imene madzi atsekedwa ikhoza kuuma, ndipo elementi ikayaka popanda madzi imapsa m'mphindi zochepa. Wolowa watsopano akabwera, tsegulani madzi kaye, musiye mpopi wa madzi otentha wotsegula mpaka mpweya wonse utatuluka ndipo madzi akuyenda osadukiza, kenako mukweze breaker.